A Mbalizonse Anapereka Mkono Umodzi

Alamu anga anali telala, ndipo mumsewu wathu wonse panalibe amene ankawaitana ndi dzina la pachiphaso. Anali a Mbalizonse basi. Dzinali linachokera pa kayezedwe kawo. Munthu akabwera kudzasoketsa jekete, ankamuimika pakati pa shopu, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, n'kuyeza mkono wamanzere kuchokera paphewa mpaka pomangira wotchi. Telala wina aliyense amathera pomwepo, amangoti winawo ndi chimodzimodzi. Iwo ayi. Ankazungulira kumbuyo kwa munthuyo n'kukayambiranso kumanja.

"Mbali zonse, bwana," ankatero. "Mikono ndi ana a mimba imodzi, koma siifanana."

Makasitomala ofulumira ankanyinyirika, ena mpaka kuyang'ana wotchi mwadala. Alamu sankalabadira. Koma jekete ikatuluka, onyinyirika omwewo ankabweranso atatenga anzawo.

Ine ndine mng'ono wa akazi awo. Ndinalowa m'shopumo ndili mtsikana, banja langa litangotha, ndipo ntchito yanga inali kusita, kuika mabatani ndi kupinda m'munsi mwa mathalauza. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu. Shopuyo inali chipinda chimodzi, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Makina osokera anali pafupi ndi khomo pomwe pamawala, tebulo lodulirapo nsalu pakati, kalilole wong'aluka pakona kukhoma, ndipo masuti otha ankapachikidwa pachitsulo cham'mwamba atavekedwa mapulasitiki. Ine ndi simbi yanga tinali kumbuyo, kotentha.

Nkhani ya mmene anayambira kuyeza mbali zonse ndinaimva mpaka kutopa nayo. Akuti ali ophunzira, jekete yawo yoyamba anasokera munthu wina wa m'butchala. Munthuyo phewa lamanja linali lotsika chifukwa cha nkhwangwa, koma iwo anayeza kumanzere kokha. Jeketeyo itavalidwa, mkono wina unathera m'mwamba ngati wabwereka ya mwana. Amene ankawaphunzitsa anawagenda nayo kumaso pamaso pa kasitomala. Kuyambira tsikulo analumbira. Ngakhale achemwali anga anawapeza mwanjira yomweyo. Anabwera kudzasoketsa diresi ya manja aatali, alamu n'kuyeza uku, kuyezanso uku, achemwali n'kufunsa kuti, "Kodi inu mukuyeza kapena mukufuna pogwira?" Alamu ankati ankayeza. Achemwali mpaka lero amati bodza.

Ine ndi iwo tinkanyozana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, monga zimakhalira pa chilamu. Ankati ndine mkazi wawo wosungira, amene amangodya osathandiza. Ine ndinkati mwamuna wonunkha mafuta a makina ndingamutani. Koma kunena zoona munthu wokonda ntchito yake ngati ameneyo sindinamuonepo. Lamlungu ankangozungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna poikira. Kumaliro ankayang'ana makolala a anthu n'kumandinong'oneza amene asokedwa mokhota. Nthawi ina atadwala malungo, achemwali anabisa makiyi a shopu, iwo n'kukalowera pawindo la kumbuyo.

"Mlamu," anandiuza tsikulo, thukuta lili kamukamu, "tsiku limene mudzandichotse pamakinawa, mudzayambe mwakumba dzenje."

Mavuto anayamba ndi achimwene awo, amene ankayendetsa malole. Anagwa ndi sitiroko akumanga tenti pa katundu. Sanamwalire msanga. Anakhala zaka pampando, dovu likutsika, akuchita kutembenuzidwa ngati khanda, ndipo pa ntchito yosambitsa ndi kuchapa achemwali anga anali pomwepo. Titaika maliro, achemwali sanachedwe. Analowa m'famase n'kutulukamo ndi kamakina koyezera bipi, kaja ka lamba womanga pamkono, kolira ngati njuchi kakamafufuma. Wogulitsayo anawauza kuti nambala yam'mwamba ikamadutsa 140 ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Madzulo ake anakaika patebulo la pabalaza n'kukhazikitsa lamulo, ine ndikumva.

"Bambo, tamverani. Ine za achimwene anu sindidzazionanso m'nyumba muno. Nambala iyi ikangodutsa 140, shopu ndikutseka, makina ndikugulitsa, muzikhala pakhonde n'kumamvera wailesi."

Achemwali anga akalankhula nkhope ili gwa, ngakhale galu amalowa pansi pa tebulo. Alamu anangoseka.

Pa lamba uja panali chithunzi cha mkono wamanzere. Ndiye achemwali, poti ndi munthu wotsata malangizo, anamanga kumanzere. Kamakina kanalira, kanafufuma, kenako kanaphwa. 118. Alamu anadumpha ngati awina mpikisano.

"Mwaona? Magazi a mwana wa sukulu! Mlamu, bwera nawenso, tione ngati suli nkhalamba kuposa ine."

Kuyambira pamenepo unali mwambo wa m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Alamu ankapinda okha mkono wamanzere wa shati, n'kuika mkonowo patebulo monyadira. 120, 116, 122. Achemwali mtima unakhala pansi. Mchere umene anaubisa unabwereranso patebulo, ndipo alamu ankauwaza dala akuwayang'ana m'maso.

Patapita miyezi ndinayamba kuona chinthu chachilendo posita malaya awo. Wosita amadziwa chovala kuposa mwini wake. Mkono wamanja wa shati iliyonse unali wothina kuposa wamanzere, kuyambira pachigongono kutsika, ndipo batani la kumapeto linali longokongoletsa, malo otsegula atasokedwa. Ndinayamba ndi shati yoyera, kenako yabuluu, kenako ya mizeremizere. Ndinapeza poyambira chipongwe.

"Alamu, mwakalamba eti? A Mbalizonse enieni kusoka mikono yosiyana?"

Sanatembenuke. Anapitiriza kuponda makina.

"Ukudziwa chiyani za usoki iwe? Mkono wamanja ndi umene umagwira gudumu. Ukakhala wotaya umakodwa. Ukufuna ndiduke dzanja kuti utenge shopu?"

Yankholo linali lomveka, ndipo ndinalilandira. Musandifunse kuti bwanji sindinaganize patali. Ine ndine wosita, si mneneri.

Zizindikiro zina zinalipo, kungoti chilichonse ankachipezera dzina. Mutu ukawawa kunkhongo ankati ndi maso, mpaka anagula magalasi. Akamapachika masuti pachitsulo cham'mwamba ndi dzanja lamanzere, ankatsika pampando n'kugwira tebulo, akuti chizungulire cha njala. Dzanja lomwelo linkatopa msanga akagwira nsalu yolemera, ndipo tsiku lina pondipatsira mapini ndinalimva lili zii, kunja kukutentha.

"Dzanja ili bwanji, mwaliika mufiriji?"

"Ndi dzanja la ulemu limenelo," anatero. "Silitentha mtima ngati iwe."

Mutu utapitirira, achemwali anawakokera kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi siteji ya basi. Achemwali anandiuza okha mmene zinayendera. Mzere unali wofika panja, nesi ali yekha, ana akulira. Nesiyo anali kumanja kwawo, ndiye anati apinde mkono umenewo. Alamu anakoka, anakokanso, shati osakwera.

"Uwu sukwera, mayi. Telala wake ndi wosadziwa ntchito. Tengani uwu."

Nesi anaseka, anazungulira n'kumanga kumanzere. 121. Anawapatsa mankhwala a mutu n'kuwauza kuti azipuma. Pobwerera alamu anagulira achemwali malalanje, akuimba mluzu msewu wonse.

Tsiku limene anagwa linali lowala bwino, cha m'mawa ndithu, wometa atangotsegula wailesi yake. Ankadula suti ya mphunzitsi wina, nsalu yakuda yodula mtengo. Ine ndinkamva sizasi ikulira patebulo, khwe, khwe, khwe, monga mwa masiku onse. Kenako inasiya. Nditadzutsa mutu ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chiyambire: sizasi itachoka pamzere wa choko n'kulowa pakati pa nsalu. Alamu anali chiimire akuyang'ana dzanja lawo lamanja ngati la munthu wina. Sizasi inagwa pansi.

"Mla... mla..."

Kamwa inali itapotokera mbali. Mayo ine! Ndinataya simbi n'kuwawakha asanamenyetse mutu pamakina. Ndinakuwa mpaka wometa analowa ndi kasitomala wake wometedwa theka, ndipo ndi kasitomalayo amene anatinyamula pagalimoto yake.

Kuchipatala chachikulu achemwali anatipeza atavala nsapato zosiyana. Nesi anathamanga ndi makina ake, ndipo poti mkono wamanzere wa shati ndi umene unkapindika, anamanga komweko. 124. Anakwinya nkhope n'kuyezanso. Achemwali anayamba kulankhula mokweza, akulira.

"Mwaona? Bipi yawo ndi yabwino! Ndimawayeza ine tsiku lililonse! Ndiye ichi n'chiyani?"

Dokotala anali mayi wamfupi wa imvi, wosalankhulalankhula. Anagwira alamu pomangira wotchi, manja onse awiri nthawi imodzi, n'kukhala phee akumvetsera ndi zala. Kenako anayesa kupinda mkono wamanja wa shati. Unakana. Anaitanitsa sizasi n'kuudula kuchokera kudzanja mpaka paphewa, nsaluyo n'kundipatsa ine poti ndinali pafupi. Lamba anamangidwa kumanja. Makina anafufuma, anaima, anafufumanso. 212.

"Mayi," anatero dokotala kwa achemwali, "mumayeza mkono uti?"

"Wamanzere. Ndi umene uli pachithunzi."

"Wamanja simunayezepo?"

"Ayi. Kodi si chimodzimodzi?"

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono, mosakalipa. Anati mikono kusiyana pang'ono n'kwachibadwa, anthu ambiri amatero. Koma ikasiyana kwambiri chonchi, kawirikawiri ndiye kuti mtsempha wopita kumkono umodzi wachepa mkati, ngati paipi yodzaza dzimbiri, ndipo magazi amafika kumeneko ali ofooka. Mkono wotero umapereka nambala yotsika pomwe thupi lonse likuvutika. Nambala yoona ndi ya mkono wokwerawo. N'chifukwa chake poyamba pamafunika kuyeza mikono yonse, kenako n'kumatsata umene wakwera.

"Zikanadziwika, mukanawaletsa ntchito?" Achemwali anafunsa.

"Ntchito yanji?"

"Ndi telala."

"Kusoka? Ayi. Akanamamwa mapiritsi m'mawa, kuchepetsa mchere, kumabwera kudzaonedwa. Anthu ambiri amakalamba nayo akugwira ntchito zawo."

Achemwali anakhala pansi, pasimenti penipeni, anthu akudutsa.

Ine nthawi yonseyi ndinali nditafumbata kansalu kodulidwa kaja. Nditakhala pabenchi panja ndinakatambasula, mwa chizolowezi chabe, monga ndimachitira ndi chovala chilichonse. Mkati mwake munali nsalu yopindidwa, yokwana zala ziwiri, itagonekedwa bwinobwino n'kusokedwa pamanja. Msoko wa alamu ndimaudziwa ngati nkhope ya mayi anga: timisoko tating'ono, tofanana, topendekera kumanzere. Shatiyo inasokedwa yokwana bwino poyamba. Kuthinako anachita kubwerera n'kukuikamo, mwaluso, kuti kunja kusaoneke. Ndipo gudumu la makina aja, abale, ndi losalala. Zaka zonse zija linali lisanakolepo shati ya munthu.

Apa m'pamene mutu wanga unatseguka. Inu mukuganiza kuti munthu amene sankatha kuona mikono iwiri osaiyeza yonse akanakhala ndi kamakina kaja m'nyumba osakayesa kumanja? Anayesa. Mwina tsiku loyamba lomwelo, achemwali atapita kukasamba. Anaona nambalayo, anakumbukira lamulo la 140, anayang'ana makina awo osokera m'maganizo, n'kutenga singano.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinalakalaka kulowa m'chipindamo n'kuwagwedeza. Munthu wanzeru zake, wodziwa bwino kuti mbali imodzi imanama, n'kusankha yonamayo! Koma ukalowa n'kuwaona ali gone, diso limodzi likutsika misozi yokha, mkwiyo umasowa pogwira.

Achemwali sindinawauze tsiku lomwelo. Anazipeza okha alamu atatuluka m'chipatala, pofuna shati yoti ilowe mosavuta pamkono wakufawo. Anatulutsa zonse m'kabati, kuzitembenuza imodziimodzi, n'kuziunjika pabedi. Kenako anatenga imodzi n'kupita nayo pabalaza pomwe alamu anakhala. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini, ndikuyembekezera mkuntho. Koma analankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Bambo, munayeza mbali zonse eti?"

Alamu anayang'ana shatiyo. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

"Ine ndinkangokuopsezani," anatero achemwali. "Makina aja ndikanawagulitsa kwa ndani? Ndinkangofuna muzindimvera. Simunandidziwe zaka zonsezi?"

Alamu anatsegula pakamwa, koma mawu sanabwere. Anatambasula dzanja lamanzere, lomwe lija, n'kugwira m'mphepete mwa diresi ya achemwali. Ndinabwerera kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti ndisamve zotsalazo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe mdani pankhaniyi. Achemwali anaopseza chifukwa cha chikondi. Alamu ananama chifukwa choopa kuchotsedwa pamakina. Ndipo sitiroko itabwera inatenga mkono wamanja, umene unkanena zoona, umene unkagwira sizasi ndi singano, n'kuwasiyira wabodzawo kuti azidyera.

Makina sanagulitsidwe. Ndimaponda ndine tsopano. Masuti sindiwatha, ndimangosoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi kukonza zong'ambika. Alamu timawabweretsa m'mawa n'kuwakhazika pampando wa pakhomo, pomwe pamawala. Amayenda pang'ono ndi ndodo, mwendo ukukhukhuluzika. Mawu anabwerera ochepa, osakwana kudzaza dzanja: eya, ayi, madzi, mlamu. Ndikasoka mokhota amamenya ndodo pansi. Makasitomala akale amaima kuwapatsa moni, ndipo ena amaiwala n'kutambasula dzanja lamanja, kenako n'kusintha mwamanyazi. Mapiritsi amamwa osakakamizidwa. Achemwali amayeza kumanja m'mawa uliwonse, ndipo shati zonse anazimasula misoko ija ndi manja awo, osalola kuti ndiwathandize.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi anamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo panafunika kuti bambo ake akaoneke bwino pamwambo wolandira satifiketi. Majekete awo onse anali atakula, poti thupi linatha. Ndinati tikagule yosokasoka kusitolo. Alamu anamenya ndodo pansi mpaka fumbi. Anandiloza ine, n'kuloza makina.

"Ine? Jekete? Alamu, mukufuna anthu akaseke mwana?"

Analozanso. Makani aja sitiroko sinawakhudze.

Ndinawaimika pakati pa shopu, achemwali atawagwira m'chiuno. Ndinakoleka tepi yawo m'khosi mwanga. Ndinayeza chifuwa, mapewa, msana. Ndinayeza mkono wamanzere kuchokera paphewa mpaka pomangira wotchi, n'kulemba nambala pansalu ndi choko. Mkono wamanja unali utapindikira pachifuwa, wowonda, zala zitafumbata. Ukaukoka amamva kuwawa, ndipo sakonda kuti anthu aziuyang'ana. Ndiye ndinayamba kukulunga tepi.

"Basi, alamu, khalani pansi. Winawo ndiyerekeza."

Ndodo inagwa pansi. Ndinaganiza kuti akugwa, koma anali ataitaya dala. Ndi dzanja lamanzere anagwira lamanja pomangira wotchi, n'kuyamba kulikoka pang'onopang'ono kulichotsa pachifuwa. Nkhope inakwinyika, thukuta linatuluka pamphumi, koma sanasiye mpaka mkonowo unatambasuka momwe ukanathera. Anausunga m'malere patsogolo panga. Milomo inalimbana kanthawi, kenako panatuluka mawu amene tinali tisanawamve chigwereni.

"Zo... zonse."

Achemwali anatembenuzira nkhope kukhoma, koma sanawasiye m'chiuno. Ine ndinamasula tepi, ndinaika paphewa, ndinatsata chigongono chopindikacho mpaka kudzanja. Unali wamfupi kuposa unzake. Ndisanachotse chala, alamu anawerama kuti aone okha pamene chalacho chinaima. Anaiyang'anitsitsa nambalayo, anagwedeza mutu, n'kundilozera choko ndi chibwano kuti ndilembe.